Kabuku ka Zochita: Malo a Ntchito ndi Malo a Masewera

Pa zinthu zonse zimene wophunzira amasiya m'mbuyo pa tsiku lotsazikana ndi sukulu, chimene sachiganizira n'komwe ndi belu. Kwa zaka 12, kuchokera mu Sitandade 1 kufikira mu Folomu 4, belu ndilo lakhala likumuuza nthawi yolowa m'kalasi, nthawi yopuma ndi nthawi yoweruka. Mayeso a MSCE akangotha, belu lija limatsala komweko, ndipo mnyamata kapena mtsikana amadzuka m'mawa wina n'kupeza kuti tsiku lonse lathunthu lili m'manja mwake popanda woligawa. Masabata oyamba zimakoma. Koma pakapita miyezi itatu masiku amayamba kufanana, tsiku lotsekera kulandira makalata ofunsira malo ku koleji limadutsa kalata isanalembedwe, ndipo buku lobwereka kwa mnzake limakhala likadali pa tsamba lomwe lija.

Mphunzitsi naye sali kutali ndi vutoli, ngakhale kuti belu likumulirirabe. Sikimu ndi chikonzero cha phunziro zimalongosola za ana a eni ake. Za iye mwini, monga maphunziro amene akufuna kuwonjezera, ngongole imene akubweza, dimba limene likudikira mbewu ndi kalata imene anayenera kuyankha mwezi watha, sizilembedwa paliponse. Zimangokhala m'mutu, ndipo mutu wa munthu wotopa ndi thumba lobooka.

Mankhwala a vutoli ndi akale ndiponso otsika mtengo: kabuku kolembamo zochita. Ena amagula dayale yosindikizidwa kale masiku, ena amangotenga kope wamba n'kulemba mizere ndi rula. Chodabwitsa n'chakuti timabuku tambiri totere timayamba ndi changu mu Januwale koma sitiona mwezi wa Malichi. Timafa imfa za mitundu iwiri. Tina timafa chifukwa chouma: mwini wake analembamo maola ndi ntchito zokhazokha, ndipo akamatsegula amamva ngati akukumana ndi kapitawo, choncho amasiya kutsegula. Tina timafa chifukwa chokongola: mwini wake anathera Lamlungu lonse akujambula maluwa m'mbali mwa tsamba ndi zolembera zamitundumitundu, kotero kuti pofika Lolemba akuopa kulembapo kanthu kuti angadetse. Funso tsono ndi ili: kodi m'kabuku kotere ntchito itenge malo otani, ndipo masewera atenge malo otani?

Anthu awiri otchuka, amene anakhala m'maiko osiyana ndi m'nyengo zosiyana, angathandize kuyankha funsoli. Onse awiri sanapite patali ndi sukulu, onse awiri anadziphunzitsa okha zambiri zimene anadziwa, ndipo onse awiri ankayenda ndi kabuku. Mmodzi anapendekera ku masewera, wina ku dongosolo, ndipo moyo wa aliyense uli ndi phunziro komanso chenjezo.

Makope a Leonardo

Woyamba ndi Leonardo da Vinci, amene anabadwa m'chaka cha 1452 pafupi ndi mudzi wa Vinci m'dziko la Italy, n'kumwalira m'chaka cha 1519 ku France. Anthu ambiri amamudziwa chifukwa cha chithunzi cha Mona Lisa, koma chuma chake china chachikulu chili m'makope. Ali mwana anangophunzira kuwerenga, kulemba ndi masamu pang'ono. Chilatini, chimene chinali chinenero cha anthu ophunzira masiku amenewo, sanachiphunzire kusukulu. Kenaka anakayamba kuphunzira ntchito yojambula kwa mmisiri wina wotchedwa Verrocchio mumzinda wa Florence. Zimene sukulu sinampatse anazifunafuna yekha, atamangirira kabuku kakang'ono pa lamba wake.

Masamba oposa 7,000 a zolemba zake alipobe mpaka lero, ndipo ambiri akusungidwa ku Milan, Paris, London, Windsor ndi Madrid. Popeza anali wamanzere, ankalemba kuchokera kumanja kupita kumanzere, kotero kuti munthu wosazolowera amachita kugwiritsa ntchito kalilole kuti awerenge. Mapepala anali okwera mtengo, choncho sankakonda kusiya malo opanda kanthu. M'makope amenewa munthu amapeza mawerengero a ndalama zogulira chakudya, zithunzi za makina, nkhope za nkhalamba zopanda mano, tinthano ndi zilapi, zonse zitathinana ngati anthu m'basi ya kumudzi.

Pakati pa zimenezi pali mindandanda ya zochita. Cha m'ma 1490, ali ku Milan, analemba kuti ayenera kuyeza kukula kwa mzindawo ndi madera ouzungulira, kupeza katswiri wa masamu woti amuphunzitse njira ina yowerengetsera, kupeza mmisiri wa za madzi woti amuuze momwe amakonzera ngalande ndi chigayo, ndiponso kufunsa munthu wina momwe anthu a ku Flanders amayendera pamwamba pa madzi oundana. Chofunika kuona pa mndandandawu n'chakuti zochita zambiri zili ndi munthu wokamufunsa. Leonardo sankangolemba kuti akufuna kudziwa za madzi n'kusiyira pomwepo. Ankalembanso woti apite kwa iye. Munthu amene alibe mphunzitsi amayenera kudzipezera aphunzitsi ake m'misewu ya mzinda, ndipo kope ndilo linkamukumbutsa makomo oti akagogode.

Mndandanda wina ndi wa cha m'ma 1510, pamene anali kufufuza kapangidwe ka thupi la munthu. Analembapo zinthu zoti asonkhanitse: magalasi a m'maso ndi chikwama chake, makala, mapepala, choko, phula, kampeni, macheka odulira mafupa ndi chigaza cha munthu. Pa tsamba lomwelo, pakati pa zida za ntchito, anadzilamula kuti afotokoze lilime la gogomole ndi nsagwada za ng'ona. Palibe mfumu imene inamutuma zimenezi, ndipo palibe amene akanamulipira. Ankangofuna kudziwa basi. Funsolo silinali lachibwana, pakuti lilime la gogomole ndi lalitali modabwitsa, ndipo mwa mitundu yambiri ya mbalameyi mizu yake imazungulira kumbuyo kwa chigaza.

Ngakhale mawerengero a ndalama ankawalemba mwanthabwala. M'chaka cha 1490 analandira m'nyumba mwake mnyamata wa zaka 10 dzina lake Giacomo, amene pambuyo pake ankamutcha Salai, kutanthauza kamdierekezi. Analemba mtengo wa malaya ndi nsapato zimene anamugulira, ndalama zimene mwanayo anaba, ndipo m'mbali mwa tsamba anamunena kuti ndi wakuba, wabodza, wamakani ndi wosusuka. Komabe Salai anakhala naye zaka zoposa 25. Chakumapeto kwa moyo wake, ali ku France, Leonardo anasiyira panjira samu ina ya mizere ndi ngodya, n'kulemba chifukwa chake pomwepo, chakuti msuzi unali kuzizira.

Makope otere munthu satopa nawo, ndipo n'chifukwa chake Leonardo sanaleke kulemba kwa zaka zoposa 30. Koma anali ndi chilema chachikulu. Pa 22 Malichi 1508, ali ku Florence, anayamba zolemba zatsopano ndi mawu ovomereza kuti zimene alembe zidzakhala zosakanikirana, ndi kuti akuyembekeza kudzaziika m'dongosolo pambuyo pake, chilichonse pa mutu wake. Tsiku limenelo silinafike. Anamwalira asanasindikize buku lake ngakhale limodzi. Makope anatsala m'manja mwa wophunzira wake Francesco Melzi, ndipo Melzi atamwalira cha m'ma 1570 anamwazikana, ena n'kutayikiratu. Zithunzi zake za mafupa, minofu ndi mtima, zimene zinaposa za aliyense wa m'nthawi yake, zinakhala zobisika kwa zaka mazana. Buku limene linasintha maphunziro a za thupi la munthu ku Ulaya linali la Andreas Vesalius, la m'chaka cha 1543. Ngakhale pa ntchito yojambula, chithunzi cha Anzeru a Kum'mawa, chimene amonke a pafupi ndi Florence anamupatsa kuti ajambule m'chaka cha 1481, anachisiya chosatha, ndipo zithunzi zopaka utoto zimene akatswiri amavomereza kuti ndi zake sizifika 20.

Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Kungakhale kulakwa kunena kuti Leonardo anagwa, pakuti kope lake limodzi lokha, la masamba 72, linagulidwa ndi Bill Gates m'chaka cha 1994 pa mtengo wa madola 30.8 miliyoni. Koma ndalama zimenezo sizinabweze zaka zimene nzeru zake zinagona m'mabokosi. Chidwi anali nacho, khama analinso nalo. Chimene chinasowa m'makope ake ndi tsiku loikika lobwerera m'mbuyo, kusankha choyenera kumaliza ndi kusiya chotsalacho.

Timadontho ta Franklin

Wachiwiri ndi Benjamin Franklin wa ku America, amene nkhope yake ili pa ndalama ya pepala ya madola 100. Anabadwa ku Boston m'chaka cha 1706. Sukulu anaiona zaka ziwiri zokha. Ali ndi zaka 10 anayamba kuthandiza bambo ake kupanga sopo ndi makandulo, ali ndi zaka 12 anayamba kuphunzira ntchito yosindikiza kwa mkulu wake, ndipo ali ndi zaka 17 anathawira ku Philadelphia m'thumba muli tindalama tochepa. Pomwalira m'chaka cha 1790 anali atakhala wosindikiza wolemera, wofufuza za magetsi ndi mphezi, kazembe wa dziko lake ku France, ndiponso mmodzi wa amene anasaina chikalata cha ufulu wa America m'chaka cha 1776.

M'buku la mbiri ya moyo wake, m'chigawo chimene analemba m'chaka cha 1784, Franklin anafotokoza za kabuku kamene anakonza akadali mnyamata. Anasankha makhalidwe 13 amene ankafuna kuwazolowera: kudziletsa pa kudya ndi kumwa, kusalankhula zopanda pake, dongosolo, kuchita zimene watsimikiza, kusawononga ndalama, khama, kuona mtima, chilungamo, kusapyola malire, ukhondo, kudekha, kudzisunga ndi kudzichepetsa. Poyamba anali 12. La kudzichepetsa analiwonjezera mnzake wina wa mpingo wa Quaker atamuuza mosabisa kuti anthu amamuona ngati wonyada.

Tsamba lililonse analigawa ndi inki yofiira: mizere yotsika 7 ya masiku a sabata, ndi mizere yopingasa 13 ya makhalidwe. Madzulo aliwonse ankaganizira za tsikulo, n'kuika kadontho kakuda m'kabokosi ka khalidwe limene walakwira. Sankalimbana ndi onse nthawi imodzi. Sabata iliyonse ankayang'anitsitsa khalidwe limodzi, monga momwe, mwa kuyerekeza kwa iye mwini, wolima dimba amapalirira bedi limodzi asanapite pa lina. Potero ankamaliza onse m'masabata 13, ndiko kuti kanayi pa chaka.

M'kabuku komweko munali ndondomeko ya maola 24. Kudzuka 5 koloko m'mawa, kusamba, kupemphera, kukonza zochita za tsikulo, kuwerenga ndi kudya kadzutsa. Ntchito kuyambira 8 koloko mpaka 12 koloko. Nkhomaliro pamodzi ndi kuwerenga kapena kuona mabuku a ndalama. Ntchito kuyambiranso 2 koloko mpaka 6 koloko. Kugona 10 koloko usiku. M'mawa ankadzifunsa chabwino chimene achite tsikulo, ndipo madzulo ankadzifunsa chabwino chimene wachita.

Poyang'ana koyamba, kabuku aka kakuoneka kouma ngati kaundula wa msonkho. Koma woyang'anitsitsa aona zinthu ziwiri. Choyamba, maola anayi a madzulo, kuyambira 6 koloko mpaka 10 koloko, Franklin anawalembera kubwezera zinthu m'malo mwake, chakudya chamadzulo, nyimbo, zosangalatsa kapena kucheza. Masewera sankalowera pawindo ngati mbala. Anali ndi mzere wawo pa ndondomeko, mofanana ndi ntchito. Chachiwiri, timabokosi ndi timadontho tija tinali masewera ndithu. Munthu amene akuwerenga madontho a sabata ino n'kuwayerekeza ndi a sabata yatha akupikisana ndi iye mwini, ndipo mpikisanowo ndi umene umamubwezera ku tsamba madzulo otsatira. Mkuluyu analidi wokonda kusewera ndi manambala. Pamene anali mlembi wa nyumba ya malamulo ya Pennsylvania, ntchito imene anayamba m'chaka cha 1736, zokambirana zikatalika ankadzisangalatsa pokonza mabokosi a manambala amene, powaphatikiza motsika kapena mopingasa, yankho limatuluka limodzimodzi.

Komabe kabukuko kanamuphunzitsa kuti dongosolo lili ndi malire. Pofufuta madontho akale kuti agwiritsenso ntchito masamba omwewo, mapepala anayamba kubooka, mpaka anasamutsira mizere yake pa timasamba ta mnyanga wa njovu, pamene ankalemba ndi pensulo n'kufufuta ndi siponji yonyowa. Ndipo khalidwe limene linamuvuta koposa onse linali dongosolo lenilenilo. Iye anaona kuti ndondomeko ya maola ingatheke kwa mmisiri wolembedwa ntchito amene amakhala pa ntchito imodzi tsiku lonse, koma mwini bizinesi amalandira anthu pa nthawi imene iwo afuna. Mapepala ake ndi katundu wake sizinkapezeka m'malo mwake, ndipo atakalamba anavomera kuti pa mbali imeneyi sanakonzeke.

Pofotokoza kulepheraku anasimba za munthu wina amene anagula nkhwangwa kwa wosula zitsulo, n'kufuna kuti yonse iwale ngati mbali yake yakuthwa. Wosulayo anavomera, bola mwini nkhwangwa azipukusa yekha gudumu la mwala wonolera. Munthu uja anapukusa mpaka kutopa, nkhwangwa n'kungokhala ya mawangamawanga, ndipo pomaliza ananena kuti waganiza bwino, nkhwangwa ya mawanga ndiyo ikumukondweretsa. Franklin anavomera kuti naye nthawi zina ankafuna kunena chimodzimodzi. M'kupita kwa zaka anayamba kudzaza timabokosi kamodzi pa chaka, kenaka mwa apo ndi apo, mpaka anasiya chifukwa cha maulendo ndi ntchito za kunja, koma kabukuko sankakasiya kunyumba. Ungwiro umene ankafuna sanaupeze, komabe ananena kuti kuyesako kunamupanga kukhala munthu wabwinopo ndi wokondwapo kuposa momwe akanakhalira. Za kudzichepetsa anachita nthabwala kuti ngakhale akanagonjetsa kunyada, mwina akanayamba kunyadira kudzichepetsa kwakeko.

Apa ndi pamene anthu awiriwa akusiyanirana. Leonardo anali ndi masewera ochuluka koma analibe tsiku lowerengera. Franklin ankawerengera madzulo aliwonse, ndipo chimene chinateteza kuwerengerako kuti kusasanduke goli ndi chakuti ankatha kudziseka yekha.

Njira ya masiku ano

Nkhani imeneyi sinathere kwa anthu akale. M'chaka cha 2013, Ryder Carroll, wokonza zinthu za pakompyuta amene ankakhala ku New York, ndipo kuyambira ubwana ankavutika kuika maganizo pa chinthu chimodzi, anaulutsa njira yake yolembera zochita yotchedwa Bullet Journal, ndipo m'chaka cha 2018 anaifotokoza m'buku. Njirayo imangofuna kope losalembamo kanthu ndi cholembera chimodzi. Ntchito yoti ichitike imayamba ndi kadontho, chochitika chimayamba ndi kamzere kozungulira, ndipo mfundo yongofuna kukumbukira imayamba ndi kamzere kopingasa. Ntchito ikatha, kadontho kaja kamasanduka X. Masamba amapatsidwa manambala, ndipo kumayambiriro kwa kope kumakhala mlozera wosonyeza tsamba limene nkhani iliyonse ili. Mphamvu ya njirayi ili pa kutha kwa mwezi: mwini kope amawerenga ntchito zonse zosatha, n'kukopera ndi dzanja ku mwezi watsopano zokhazo zimene zikadali zofunika, zotsalazo n'kuzikhwatcha. Ntchito imene munthu watopa nayo kuikopera katatu imadziulula yokha kuti mwina sinali yofunika. Limeneli ndilo tsiku lobwerera limene Leonardo anadzilonjeza m'chaka cha 1508.

Koma njirayi itafala, inasanduka chinthu china m'manja mwa anthu ambiri. Pa intaneti panadzaza zithunzi za makope opakidwa utoto, a zilembo zokhotakhota ndi timapepala tomata, kotero kuti ena ofuna kuyamba anabwerera m'mbuyo poganiza kuti popanda luso lojambula ndi zolembera zodula sangathe. Kujambula pakokha si tchimo, ndipo kwa ena ndi mpumulo weniweni pambuyo pa tsiku lotopetsa. Vuto limabwera pamene tsamba likukonzedwera maso a anthu ena. Kope lolembedwera owonera limayamba kunama: silionetsa tsiku limene palibe chinachitika, ngongole imene sinabwezedwe kapena ntchito yokhwatchidwa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Zotolapo

Wotsiriza sukulu kapena mphunzitsi amene akufuna kuyamba kabuku kake angatole mfundo zinayi kwa anthu atatuwa.

Yoyamba ndi yakuti ntchito ikhale ndi malo oyamba. Asanajambule duwa lililonse, mwini kope alembe masiku amene sangasunthidwe: tsiku lotsekera kulandira makalata ofunsira malo kapena ntchito, tsiku la mayeso obwereza, tsiku lobweza ngongole, sabata imene munda uyenera kukhala utasosedwa mvula isanagwe. Pambuyo pake abwere ku zochita za tsiku, ndipo zisapitirire zitatu kapena zinayi, pakuti mndandanda wa zinthu 15 ndi chikalata chodziimbira mlandu madzulo. Chochita chilichonse chilembedwe monga ankalembera Leonardo, ndi munthu kapena malo ake. Kufuna ntchito si chinthu chimene munthu angachite Lachiwiri m'mawa. Kukafunsa kalipentala wa kumsika ngati angalandire wophunzira ndi chinthu chotheka, ndipo madzulo chimadziwika ngati chachitika kapena ayi.

Yachiwiri ndi yakuti masewera apatsidwe malo awo, odziwika ndiponso okhala ndi mpanda. Wina angasiye tsamba la kumanja, wina mizere isanu ya pansi. M'menemo mulowe zosalipidwa: funso limene silidzabwera pa mayeso, mawu achilendo amene amveka pa wailesi, mwambi umene agogo anena, masiku amene mvula yagwa mwezi uno, zigoli za timu yokondedwa, chithunzi chokhota cha mbuzi ya oyandikana nawo. Zimenezi ndizo zimachititsa kuti dzanja lifune kutsegula kope pa tsiku limene ntchito zalephereka, ndipo kope likatsegulidwa, maso amagweranso pa ntchito. Nthawi zina m'malo amenewa ndimo mumamera za m'tsogolo, pakuti munthu amene kwa theka la chaka wakhala akujambula njinga ndi mawaya m'munsi mwa tsamba wadziuza kale ntchito imene mtima wake ukufuna. Muyeso wake ndi wapafupi: ngati kukongoletsa kukutenga nthawi yoposa imene ntchito yolembedwayo ikanatenga, ndiye kuti mlendo walanda nyumba.

Yachitatu ndi tsiku lobwerera. Mphindi zisanu madzulo, theka la ola Lamlungu ndi ola limodzi pa kutha kwa mwezi n'zokwanira. Masamba akhale ndi manambala, ndipo awiri oyamba asungidwire mlozera, kuti mtengo wa feteleza wolembedwa mu Epulo usadzatenge tsiku lonse kuufuna mu Okutobala. Powerenganso, mwini kope asayang'ane ntchito zokha. Ayang'anenso m'malo a masewera, n'kusankhamo chimodzi choti chikwezedwe kukhala ntchito. Funso la lilime la gogomole likalembedwa kachitatu, lafika poti lipatsidwe tsiku lake ndi munthu wokamufunsa.

Yachinayi ndi kulola mawanga. Kumudzi ndi kutauni komwe, maliro, alendo, matenda ndi mvula sizifunsa ndondomeko ya munthu, ndipo amene angakane kupita ku maliro a mnansi chifukwa kope lati ola limenelo ndi lowerenga ndiye kuti sanamvetse ntchito ya kope. Sabata ikadumphidwa, palibe chifukwa chong'amba masamba kapena kudikira Januwale wina; munthu angolemba tsiku la lero pa tsamba lotsatira n'kupitiriza. Pa chifukwa chomwechi kope wamba la kusitolo limaposa dayale ya chikuto chachikopa. Munthu saopa kulidetsa, ndipo lilibe masiku osindikizidwa kale oti azimuyang'ana ali opanda kanthu.

Aphunzitsi ali ndi mwayi wapadera pa nkhaniyi. Ophunzira a Folomu 4 amakonzekeretsedwa mayeso mwakhama, koma kawirikawiri palibe amene amawakonzekeretsa m'mawa wotsatira mayesowo. Phunziro limodzi lokha la momwe munthu angagawire tsiku lake lingakhale mphatso yotsazikira yoposa malangizo ambiri a pa tsiku lotsekera. Koma pali chenjezo: kope limeneli lisachongedwe ndi mphunzitsi, ndipo lisapatsidwe malikisi. Likangosanduka ntchito yokaonetsa, mwana adzalembamo zokondweretsa woyang'ana, monga momwe mabuku ena a kuntchito amadzazidwira usiku woti mawa kukubwera oyendera sukulu.

Kabuku ka zochita sikayesedwa ndi maonekedwe ake a mu Januwale. Kamayesedwa mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Ngati chikuto chapindika, ngodya zada ndi thukuta, ntchito zina zachongedwa, zina zakhwatchidwa, ndipo penapake m'munsi mwa tsamba pali chithunzi cha mbalame imene mwini wake sakuidziwabe dzina, ndiye kuti kabukuko kali moyo ndipo kakugwira ntchito yake. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.